Amalawi a ku Joni, hydrant (mpope wa madzi ozimitsira moto) ya pamsewu wanu mukuidziwa?

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi amalawi anzanga tili kuno ku Joni. Chipsereni nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, pomwe anthu oposa 70 anafa ndipo ena anali abale athu ochokera kumudzi, ine ndikangomva sailini usiku tulo timandithera pompo.

Kale anthu ankapsa chifukwa zida kunalibe. Moto wa ku London mu 1666 unayambira mu bekale pa Pudding Lane, anthu nkumapatsirana ndowa zachikopa pamzere, ena kugwetsa nyumba ndi ngowe kuti moto usalumphe, komabe nyumba zoposa 13,000 zinapsa. Paipi yozimitsira moto inabwera cha mu 1672 ku Amsterdam, Jan van der Heyden ndi m'bale wake ndi amene anasoketsa yachikopa kuti madzi azifika pamoto penipeni osati kumangowaza chapatali. Lero kuli magalimoto, makwerero ataliatali, masilinda a mpweya oberekera kumsana.

Koma chomwe ambirife sitidziwa nchakuti thanki ya galimoto ija sichedwa kutha, mphindi zochepa basi, kenako ozimitsa moto amalumikiza paipi ku hydrant ya pamsewu. Nde pitani mukaone ya pamsewu wathu. Chivundikiro anaba kalekale kukagulitsa ku sikirapu, mdzenjemo mwadzaza mapepala ndi mabotolo, ina yapakona anyamata otsuka magalimoto amaitsegula ndi sipanala daily mpaka mazinga anatha. Paipi adzaimanga pati?

Mkati namo muli nkhani. Mu fulati yomwe ndimakhala chipinda chimodzi achigawa kanayi ndi mabolodi ndi makatani, magetsi akazima aliyense kandulo, wina sitovu ya palafini pafupi ndi matiresi. Pamasitepe pali firiji yakufa ndi mabedi, geti lakuseri lili ndi loko, kiyi ali ndi keyateka yemwe sagona pompano. Ndikudziwa timakiya chifukwa cha akuba, inenso anandiberapo, koma mawindo onse mabagala, mwana atulukira pati utsi ukadzaza?

Ndikupempha atsogoleri a mipingo, mizikiti ndi magulu athu a maliro, mukakumana Lamulungu nkhaniyi muikambeko. Aliyense asunge manambala oimbira pakagwa ngozi, 112 ndi 10177, mu foni. Ife pa fulati yathu tagwirizana kuti Loweruka tichotsa firiji ija ndi kufukula hydrant, za kiyi wa geti tikulimbanabe ndi landilodi.

Wowerenga wanu,
Yeoville, Johannesburg