Za mnzako wa maukonde uja

Mwana wanga,

Ndikhulupirira wadzuka bwino kudamboko. Kuno tilipo, kungoti bondo lija layambiranso.

Ndamva zoti masiku ano sukusiyana ndi mnyamata uja wotchera mbalame usiku. Akuti mukamapita kukalondera, iye amakhala atadziwiratu mbali imene simukafika. Amene wandiuza si munthu wamiseche. Sindikunena kuti walandira kanthu, koma chimvereni nkhaniyi tulo sindikutiona.

Si iwe unandikhazika pansi n'kumandifotokozera za adokowe oyera amene mumawerenga m'mamawa, kuti amachokera ku Ulaya, ena ali ndi mphete kumwendo? Tsiku lija unalankhula mpaka mawu anasasa. Ndiye mbalame iuluke mtunda wonsewo kudzafera mu ukonde wa mnzako, iwe utayang'ana kumbali? Uli wamng'ono unabwera ndi kambalame kothyoka phiko m'chipewa cha bambo ako. Katafa unakana kulankhula ndi aliyense masiku awiri.

Taganizira anthu amene unakwirira nawo ngalande zija. Azimayi aja anasiya kulima m'mphepete mwa dambo chifukwa unawauza kuti madzi akabwerera, bango ndi gumbwa zikameranso, dambo lizisunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, zitsime osauma msanga. Pangano la mayiko loteteza madambo, la ku Ramsar la 1971, limene umakonda kutchula lija iwo alibe nalo ntchito. Anakhulupirira iweyo. Akadzangomva kuti woletsa anzake ndi amene akudya ndi otchera, makasu abwerera mawa lake, ndipo ndani angawadzudzule? Ine ndikanakhala mmodzi wa iwo ndikanachita chimodzimodzi.

Musiye mnyamata ameneyo. Ndikudziwa kuti kumeneko n'kotayika, madzulo umasowa wocheza naye, ndipo iye ndi wansangala. Mnzawo wa bambo ako uja analinso wansangala. Ukukumbukira mmene ntchito inathera, ndi amene anatsala akuyankha mafunso yekha. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, ndipo mtengowo ndine.

China, ndisanaiwale. Pachithunzi chija wanditumizira mlongo wako, iwe uli m'madzi ofika m'mawondo, ukuzula namasupuni, majombo osavala. Madzi odekha ngati amenewo ndi amene mumakhala nkhono za likodzo. Usadikire kuona magazi pokodza, kapimitse. Udzudzunso, neti ija uli nayobe?

Ngati mnyamata uja anakupatsa ndalama, kaya n'zochepa bwanji, umubwezere pali anthu, kenako ukauze akuluakulu ako wekha asanamve kwa ena. Ngati zikuperewera undiuze, ndiona chochita. Sindikalipa. Mwina ndikalipa pang'ono, koma ndikuthandiza.

Undiimbire Lamlungu madzulo, uli wekha, iyeyo asali pafupi.

Ndine mayi ako.