Kwa eni pulogalamu yogawira malole: konzani batani lofufutira variable

Akuluakulu, ndalemba pano poyera chifukwa ku inbox simukuyankha, chonsecho ndalama ya laisensi mukulandira mwezi ndi mwezi.

Kuno ku Mangochi timadalira pulogalamu yanu pogawa malole okatenga nsomba kumadoko. Mu model yathu, dongosolo la masamu limene pulogalamu imawerengera, msewu uliwonse uli ndi variable yake, chiwerengero chimene pulogalamu imatipezera: wa ku Malindi, wa ku Makanjira, wa ku Monkey Bay ndi ina yotero. Mvula ikalimba msewu wa ku Makanjira umaduka, ndiye variable yake timaichotsa. Vuto lanu lagona pamenepa.

Ndikafufuta variable ya nambala 2, ya ku Makanjira, ma variable onse obwera pambuyo pake amasendera: ya 3, ya ku Monkey Bay, imasanduka 2, ya 4 imasanduka 3. Zimenezo si zachilendo, ma solver ena, mapulogalamu owerengera mayankho oterewa, amateronso. Koma tebulo lanu la ma constraint, malire amene timaikira ma variable, limakakamira manambala akale. Malire a katundu omwe tinaika chifukwa cha msewu wafumbi wa ku Makanjira anakagwera pa msewu wa tala wa ku Monkey Bay. Chenjezo olo limodzi panalibe, solver inangolemba kuti optimal, kutanthauza kuti yankholo ndi labwino koposa. Kalaliki wathu anakhulupirira pepalalo n'kutumiza kagalimoto kakang'ono komwe kumafunika lole. Chambo china chinatsala padoko, ayezi akusungunuka m'mabokosi ndi dzuwa la kunoli, mpaka asodzi anachigulitsa motchipa kwa mavenda. Anthu amenewo mawa tidzawayang'ana bwanji kumaso?

Njira yozembera ndikuidziwa. Ndimaisiya variable pamalo pake n'kuika upper bound, malire ake a pamwamba, pa 0. Zikatero presolve, gawo la pulogalamu losefa zosafunika, imaitaya yokha solver isanayambe kuwerengera. Yankho limatuluka lolondola ndithu. Komabe lipoti lanu limasindikizabe misewu yakufayo, madalaivala n'kumaimba foni kufunsa ngati anyamuke. Nanga batani lofufutira munaliikiranji ngati kulidina kuli kuika bizinesi pachiswe?

Ma constraint azimangika pa dzina la variable, osati pa nambala yake. Ngati zimenezo zitenga nthawi, pakadali pano pulogalamu izionetsa manambala akale ndi atsopano munthu akafufuta, kapena izingokana kuwerengera mpaka tebulo likonzedwe. Muwadziwitsenso makasitomala anu onse, chifukwa ena akutsata mayankho olakwika osadziwa.

Mu November nyanja amatseka kwa asodzi a makoka, ndipo tidzachotsa madoko angapo nthawi imodzi. Tiyankheni pompano, pamene aliyense akuona, kuti mukonza liti.