Malamulo a nkhongole za alimi akhale mu database, osati pa fomu yokha

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi achinyamata a kuno ku Chipata amene akulembera mapulogalamu makopaletivi, mashopu a feteleza ndi magulu a banki ya m'mudzi, komanso ndi akuluakulu amene amawapatsa ntchitoyo. Mapulogalamu ambiri a mtundu umenewu amaoneka bwino pa foni, koma mukatsegula database, nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zonse zolembedwa, mumapeza malipiro opanda mwini, mlimi mmodzi wolembedwa kawiri, ndi nkhongole imene yabwezedwa ndalama zoposa zimene munthu anakongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vutoli limayamba ndi kukhulupirira kwambiri ORM. Kwa amene sali m'ntchitoyi, ORM ndi gawo limene limaima pakati pa pulogalamu ndi database: inu mumalemba Mlimi ndi Nkhongole mu Python kapena PHP, iyo n'kumakulemberani SQL, chilankhulo chimene database imamva. Django, chida cholembera mapulogalamu mu Python, ili ndi yake, ya Laravel, chida cha PHP, imatchedwa Eloquent, a Java amagwiritsa ntchito Hibernate. Imapeputsa ntchito ndithu, koma imapusitsa. Mu Eloquent, kulemba belongsTo kapena hasMany sikusintha kanthu mu database. Foreign key, lamulo loletsa mzere kuloza chinthu chimene kulibe m'tebulo lina, imakhalapo pokhapokha mwailemba mu migration, fayilo imene imapanga kapena kusintha matebulo, ndi foreignId kenako constrained. Django imapangadi foreign key, koma save(), imene imasunga, siitana full_clean(), imene imayang'ana malamulo, choncho malamulo amene mwalemba mu clean() amagwira ntchito munthu akadzera pa ModelForm kapena pa admin basi. Tsiku limene mlembi wabwera ndi mndandanda wa alimi wa mu Excel, inu n'kuulowetsa ndi bulk_create, palibe lamulo lanu ngakhale limodzi limene lidzafunsidwe. Fomu ndi khomo limodzi chabe, ndipo database ili ndi makomo ambiri: API ya pa foni, phpMyAdmin, kapulogalamu kamene munalemba usiku kokonzera zolakwika. Mlonda ayenera kukhala m'kati, pamene makomo onsewo amakumana.

Tiyerekeze kopaletivi ya ku Katete imene imakongoza feteleza kudzera m'magulu a m'midzi. Matebulo ndi anayi: gulu, mlimi, nkhongole ndi malipiro.

Musanalembe china chilichonse, yesani ngati database yanu imakanadi zolakwika. Lowani mu phpMyAdmin kapena psql, lembani malipiro okhala ndi nambala ya nkhongole imene kulibe. Akalowa, mulibe mlonda. Pa MySQL zimenezi zimachitika tebulo likakhala la mtundu wakale wotchedwa MyISAM, chifukwa MyISAM imalandira mawu a foreign key mwaulemu n'kuwataya. Onani ndi SHOW TABLE STATUS, ndipo sinthani ndi ALTER TABLE kuti likhale la InnoDB. MySQL yakale kuposa 8.0.16, imene inatuluka mu 2019, inkachitanso chimodzimodzi ndi CHECK, lamulo loyesa zimene zikulowa mu mzere, ndipo hosting ina yotsika mtengo ikadali ndi zakalezo. SQLite, imene imakhala m'mafoni, siyang'ana foreign key mpaka mutalemba PRAGMA foreign_keys = ON, ndipo muyenera kutero nthawi iliyonse mukailumikiza. Django imakuchitirani zimenezi yokha, koma kapulogalamu kanu kapambali sikatero.

Kenako nkhani ya kufufuta. Kuyambira Django 2.0, ForeignKey iliyonse imafuna kuti munene on_delete, zimene zichitike chinthu cholozedwacho chikafufutidwa, ndipo ambiri amangolemba CASCADE, yofufuta zonse pamodzi, chifukwa ndi zimene anaona pophunzira. Pa ndalama zimenezi n'zoopsa. Mlimi akasamukira ku Lundazi, kalaliki n'kumufufuta, nkhongole yake ndi malipiro ake onse amapita naye limodzi, ndipo pa msonkhano wa pachaka mabuku sagwirizana ndi zimene zili ku banki. Ikani PROTECT, kapena restrictOnDelete mu Laravel, ndipo mlimi amene wachoka kapena watisiya angolembedwa kuti salinso membala. CASCADE isiyeni pa zinthu zimene zilibe tanthauzo pazokha, monga manambala a foni a mlimiyo. Amene amakonda SoftDeletes ya Laravel adziwe kuti iyo imangolemba tsiku mu deleted_at, mzere umakhalapobe. Foreign key siidziwa kuti munthuyo "wafufutidwa", choncho akhoza kupatsidwa nkhongole yatsopano, ndipo akabwera kudzalembetsanso, lamulo la unique, loletsa chinthu chimodzi kulembedwa kawiri, lidzamukana.

Pa unique tidutse msanga. Nambala ya reji, chiphaso cha dziko cha mlimi, ikhale unique mu database yeniyeniyo. Koma reji ili ndi manambala 6, kenako 2, kenako 1, ndipo wina amalemba ndi timizere tolekanitsa, wina popanda, wina n'kusiya mpata kumapeto. Kwa database amenewo ndi anthu atatu. Ikonzeni ikhale ya maonekedwe amodzi musanasunge. Dziwaninso kuti unique simaletsa mizere yambiri yokhala ndi NULL, kutanthauza danga losiyidwa lopanda kanthu, ndiye ngati reji ndi yofunika, danga lake likhale NOT NULL. Nambala ya transaction ya mobile money nayonso ikhale unique, chifukwa netiweki ikavuta uthenga wa malipiro amodzi ukhoza kufika kawiri. Ngati lamulo la kopaletivi ndi lakuti munthu asatenge nkhongole ina asanamalize yakale, Django ili ndi UniqueConstraint yokhala ndi condition kuyambira 2.2, imene imagwira pa PostgreSQL ndi SQLite koma osati pa MySQL.

Povuta penipeni, ndipo ndi pamene talembera kalatayi, ndi malamulo amene amakhudza matebulo awiri. CHECK imaona mzere wake wokha. Ikhoza kunena kuti matumba akhale oposa 0, kapena kuti tsiku lobweza lisatsogole tsiku lokongola, koma singasuzumire m'tebulo lina. Ambiri akafika apa amangobwerera ku clean() n'kusiya pomwepo.

Lamulo loyamba la mtundu umenewu: nkhongole imalembedwa pa dzina la mlimi komanso pa gulu limene lamuimira, ndipo gululo liyenera kukhala lake lenileni. Mukaika ma foreign key awiri osiyana, lililonse limakhutira palokha. Mlimi alipo, gulu lilipo, ndipo nkhongole ya mlimi wa gulu lina imagwera gulu limene silimudziwa n'komwe. Funso loyamba n'lakuti, kodi danga la gulu likufunikadi pa nkhongole? Ngati gulu mungalidziwe podzera mwa mlimi, lichotseni, vuto latha. Ngati likufunika, njira yake ndi foreign key ya madanga awiri. Pa tebulo la mlimi ikani unique pa id ndi gulu_id pamodzi. Pa tebulo la nkhongole ikani foreign key imodzi ya mlimi_id ndi gulu_id yoloza madanga awiri aja. Tsopano database ikana nkhongole iliyonse imene mlimi ndi gulu sakugwirizana. Mu Laravel, foreign() imalandira mndandanda wa madanga. ForeignKey ya Django imadziwa danga limodzi lokha, ndiye mulemba SQL yanu mu migration ndi RunSQL. Ndi mizere iwiri, musaope. Koma dziwani zotsatira zake: mlimi amene ali ndi nkhongole zolembedwa sangasamutsidwe gulu mwachisawawa, database idzakana. Makopaletivi ambiri amafuna zomwezo pa nkhongole imene isanathe, koma ngati anthu amasintha magulu chaka ndi chaka, pangani tebulo la umembala lokhala ndi mlimi, gulu ndi nyengo, ndipo nkhongole iloze umembalawo.

Lamulo lachiwiri: malipiro onse pamodzi asapose nkhongole. Tione zimene zimachitika. Nkhongole ndi ya K4,000 ndipo patsala K1,000. Bambo agulitsa nsawawa, apita ku ofesi ndi K800. Mphindi yomweyo mayi kunyumba, osadziwa, atumiza K800 pa foni. Pulogalamu iwerenga malipiro akale kumbali ya kalaliki, ipeza 1,000 yotsala, ilola. Kumbali ya foni iwerenganso, malipiro a bambo asanasungidwe, ipezanso 1,000, ilola. Banja lalipira K4,600, ndipo code yanu inayendadi monga munailembera. Poyesa nokha pa laputopu simudzaona zimenezi, chifukwa mumadina batani limodzi pa nthawi. Zimatulukira nyengo yogulitsa mbewu, anthu akamalipira ambiri tsiku limodzi.

Mankhwala ake ali pawiri. Choyamba, pa tebulo la nkhongole ikani danga la ndalama zotsala, ndi CHECK yakuti zisatsike kupitirira 0. Mwatero lamulo la matebulo awiri mwalisandutsa la mzere umodzi, limene database ingathe kulilondera. Chachiwiri, kulemba malipiro ndi kuchotsera pa zotsala zichitike mu transaction imodzi, kuti zonse zisungidwe pamodzi kapena zonse zilephere pamodzi: transaction.atomic mu Django, DB::transaction mu Laravel. M'kati mwake yambani ndi kutseka mzere wa nkhongoleyo ndi select_for_update, kapena lockForUpdate kwa a Laravel, kenako werengani zotsala, lembani malipiro, chotserani. Wachiwiri amadikira mpaka woyamba amalize, n'kupeza K200 yokha. Ngati wachiwiriyo ndi kalaliki, akanidwa n'kubweza chenji. Ngati ndi ndalama za pa foni, poti zalowa kale, K600 yapamwambayo ilembedwe m'tebulo lake la zobweza kwa mlimi. Magetsi akazima pakati pa ntchito, transaction imabweza zonse mmbuyo, simutsala ndi malipiro olembedwa pamene zotsala sizinasinthe. Pa SQLite Django imangonyalanyaza select_for_update, choncho yesani pa PostgreSQL kapena MySQL yomwe mudzagwiritse ntchito.

Ena adzati trigger, malangizo amene database imawayendetsa yokha mzere ukamalembedwa, ndiyo njira yabwino. Trigger imagwira pa makomo onse, zoona, koma nayonso ikapanda kutseka mzere wa nkhongole imapusitsika ngati mmene bambo ndi mayi aja anapusitsira code. Ilinso ndi vuto lakuti imabisala: wodzalandira ntchito pambuyo panu saiona mu model. Mukailemba, ikhale mu migration, osati yoikidwa pamanja pa seva.

Ndalama zisungeni mu DecimalField kapena decimal ya malo awiri a ngwee, osati float. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python muone: yankho ndi 0.30000000000000004. Ndi float, nkhongole imene yalipidwa yonse ikhoza kutsala ndi kachidutswa kosaoneka, kapena kutsika pang'ono pansi pa 0, CHECK yanu n'kukana munthu wosalakwa.

Nanga amene pulogalamu yawo yagwira kale ntchito nyengo ziwiri kapena zitatu? Migration yoika foreign key idzalephera ngati muli kale mizere yamasiye, monga malipiro oloza nkhongole imene kulibe. Yambani ndi backup, pg_dump kapena mysqldump, ndipo yesani kuibwezeretsa pa kompyuta ina muone kuti ikutsegukadi. Pezani amasiyewo ndi LEFT JOIN kuchokera pa malipiro kupita pa nkhongole, posankha mizere imene mbali ya nkhongole ili NULL. Obwerezedwa apezeni ndi GROUP BY pa reji ndi HAVING COUNT yoposa 1. Musawafufute. Mzere uliwonse ndi ndalama za munthu, ndiye sindikizani mndandandawo mukakhale pansi ndi mlembi ndi msungichuma, mabuku a malisiti ali pa tebulo. PostgreSQL imalola kuika foreign key kapena CHECK ndi mawu akuti NOT VALID, kuti zatsopano ziyambe kulonderedwa lero pamene mukukonza zakale, kenako n'kumaliza ndi VALIDATE CONSTRAINT. Chimene sitikufuna kuonanso ndi SET FOREIGN_KEY_CHECKS=0 yolembedwa pofuna kuti error ichoke. MySQL siibwerera kukayang'ana zimene zinalowa mlonda atagona, ngakhale mutabwezera pa 1.

Database ikakana, kalaliki asaone tsamba la Server Error 500. Gwirani IntegrityError mu Django, kunja kwa atomic osati m'kati, kapena QueryException mu Laravel, ndipo onani nambala yake. Pa PostgreSQL 23505 ndi chinthu chobwerezedwa, 23503 ndi foreign key, 23514 ndi CHECK. Pa MySQL 1062 ndi chobwerezedwa, 1451 ndi kufufuta kholo lokhala ndi ana, monga mlimi wokhala ndi nkhongole, 1452 ndi mwana wopanda kholo. Constraint iliyonse ipatseni dzina lomveka, kuti uthenga wa pa sikirini unene m'Chinyanja kuti "Reji imeneyi inalembetsedwa kale" kapena "Patsala K200 yokha". Malamulo a pa fomu asachoke ayi, ndi amene amauza munthu msanga asanadine batani.

Inu apampando ndi makomiti a makopaletivi, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, simufunika kudziwa SQL kuti muyese ntchito imene mwagula. Musanapereke malipiro omaliza, muuzeni wolemba pulogalamuyo achite izi inu mukuona: afufute mlimi amene ali ndi nkhongole, alembetse reji imodzi kawiri, ndipo anthu awiri pa mafoni awiri alipire nkhongole imodzi nthawi imodzi ndalama zoposa zotsala. Ziwiri zoyambazo azichitenso mu database mwenimwenimo, osadzera pa fomu. Chimodzi chikangololedwa, ndalama zotsalazo zidikire kaye.

Ndife anu,
Olemba mapulogalamu a pakompyuta,
Chipata