Kompyuta imasaka bwino mu Chingerezi, nanga Chichewa chathuchi?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa tsamba lanuli. Ine ndili kuno ku Joni, ndimakhala ku Rosettenville, ndipo ndine mlembi wa kabungwe kathu ka maliro ka Amalawi, kaja timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lipite kumudzi. Ntchito ya mlembi anthu amaiona ngati yophweka, koma mu laputopu yanga muli mafayilo ambirimbiri, maminitsi a misonkhano, malisiti ojambula pa foni, makalata, ma PDF ochokera kwa onyamula maliro, ena dzina lake ndi scan001, ena "new new final", olemba ake ndi alembi atatu amene analipo ine ndisanalowe.

Ndiye tsiku lina m'bale wathu wina anamwalira, achibale akuti ankalipira, msungichuma akuti anasiya kalekale, anthu akhala pa balaza kudikira ine kuti nditsegule fayilo. Ndinasaka usiku onse. Laputopu yangayo ndi yakale, mwana wa achemwali anandiikira Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows, ija anayambitsa Mark Shuttleworth wa konkuno ku South Africa mu 2004, ndipo mmene ndinkasakira ine inkangondipatsa mayina a mafayilo osati zomwe zalembedwa m'kati. Ndinayesa grep, kachida kosakira mawu m'kati mwa mafayilo, pa terminal, paja umatayipa zoti kompyuta ichite, pa mafayilo wamba imagwira, koma ikafika pa PDF ndi ma Word ndiye ziii.

Mwana yemweyo ndi amene anandiuza za Recoll. Ndi pulogalamu yaulere yosakira mawu m'kati mwa mafayilo, ya mkulu wina wa ku France, Jean-François Dockes, ndipo pansi pake pali injini yotchedwa Xapian. Imawerenga mafayilo onse kamodzi n'kusunga mawu alionse ndi pamene ali, ngati mlozera wa kumapeto kwa buku, ndiye ukasaka siyambiranso kutsegula fayilo imodziimodzi, imangoyang'ana mu index muja basi. Njira yachidule yoiikira ndi kulemba sudo apt install recoll pa terminal, zatha. Koma ife anthu osamva, tinafuna yatsopano kuposa yomwe inali mu Ubuntu wathu wakaleyo, tinati timange tokha kuchokera ku source, zolemba zija amapangira pulogalamuyo.

Apa mpamene ndinaona zakuda. Zakale ankamanga ndi ./configure kenako make, zatsopanozi asinthira ku zida zina zomangira, meson ndi ninja. Talemba meson setup build, yakana, ikuti Xapian palibe. Ine ndimvekere si ili momwemo iyi? Eti kuti pulogalamu igwire ntchito ndi zina, kuti uimange pamafunikanso mapaketi othera ndi -dev, monga libxapian-dev, ndiye taika iyo, yafunanso za libxml2 ndi libxslt, taika, yafunanso za Qt zopangira windo lija umalembamo zosaka, ndipo za Qt zimadya bandulo osati masewera. Kenako ili m'kati momanga magetsi phethi, load shedding, batire la laputopu linafa kalekale. Mwayi wake ninja ikayambanso imapitiriza pomwe inalekera. Tinadzamva mochedwa kuti sudo apt build-dep recoll ikanatikokera zambiri mwa zimenezi kamodzi, bola mizere ya deb-src, ija imauza apt komwe kuli source, ikhale yotsegula. Amene mulibe chifukwa chenicheni musavutike, ingoikani ya apt.

Itamangidwa, mu fayilo ya recoll.conf yomwe imakhala mu foda yobisika ya .recoll ndinalemba pa topdirs, mzere wouza Recoll mafoda oti iwerenge, foda ya bungwe yokha, chifukwa ukaisiya imawerenga home yonse, foda yaikulu ya mafayilo ako onse, mpaka zinthu zosafunika. Pa ma PDF imadalira pdftotext ya mu poppler-utils, ndipo pa mapepala ojambula pamafunika Tesseract kuti iwerenge zilembo za pa chithunzi. Zotayipa imawerenga ndithu, koma zolemba pamanja za msungichuma wathu ayi, ngakhale mwini wake amavutika nazo. Tinayendetsa recollindex yopanga index ija, tinaphika nsima, kudya, pobwera yamaliza. Ndalemba dzina la malemu, mafayilo atuluka pompo, ndipo mu maminitsi a mlembi wakale munalembedwa kuti analipira miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi. Mkangano unathera pomwepo, thupi linapita kwawo.

Koma chomwe ndalembera kalatayi ndi ichi a Mkonzi. Pulogalamuyi Chingerezi imachidziwa. Ukalemba pay imakubweretsera pays ndi paying yomwe, chifukwa ili ndi kachida kodula michira ya mawu, amati stemmer, kochokera ku Snowball ya Martin Porter. Chifalansa chilipo, Chijeremani chilipo, Chipwitikizi chilipo. Chichewa mulibe. Ndipo vuto lathu ndi losiyana, ife mawu amasintha kwambiri kumutu. Kulipira, analipira, ndalipira, adzalipira, tinamulipirira, kwa kompyuta onsewa ndi alendo osadziwana. Ndikalemba analipira, fayilo yomwe mlembi wina analemba adalipira siituluka, mukudziwa nkhani ya na ndi da mmene timalembera aliyense zake. Ndiye ndimachita kuika nyenyezi uku ndi uku, *lipir*, zimatheka koma imachedwa poti ikuyenera kuyenda mndandanda onse wa mawu, komanso imakokera limodzi ndi sanalipire, amene walipira ndi amene sanalipire mulu umodzi. Pa nkhani ya ndalama za maliro zimenezo si zoseka. Chokhacho chomwe ndinakondwa nacho n'choti ka denga ka pa ŵ imakachotsa yokha, Malaŵi ndi Malawi imaziona ngati chimodzi.

Ndiye ndikufunsa ana athu a makompyuta ku MUBAS, ku MUST ndi ku UNIMA ku Zomba, pamodzi ndi akatswiri a ku Centre for Language Studies, kodi palibe angatenge iyi ngati projekiti yake? Source ili poyera, laisensi yake ndi GPL, palibe akukuletsani kutsegula ndi kuonjezera. Chofunika ndi munthu woti akhale pansi alembe malamulo oti a-, na-, da-, dza-, mu- zichoke kutsale tsinde la mawu, koma sa- ndi si- zisamangotayidwa. N'zovuta ndithu, poti kompyuta ingathenso kudula nambala n'kusiya mbala, koma si ndiye ntchito ya sukulu imeneyo? Amipingo, masukulu, mabwalo a mafumu, onse ali ndi milu ya zolemba za m'Chichewa zomwe akusaka ndi maso.

Amene angayambe, ine maminitsi athu ndikhoza kufufuta mayina n'kumutumizira kuti ayeserepo, muli Chichewa cha mitundu yonse, cha ku Mangochi, cha ku Dedza, china chosakaniza ndi Chizulu.

Mlembi wa bungwe la maliro,
Rosettenville, Johannesburg