Kalata yoyamikira kwa a Rothamsted Research

Kwa Akuluakulu ndi ofufuza nonse,
Rothamsted Research,
Harpenden, England.

Okondedwa Akuluakulu,

Ndine mphunzitsi wa zaulimi, ndipo ndati ndikuthokozeni chifukwa simunatope nayo minda ya kafukufuku imene asayansi akale John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anakusiyirani. Munda wa tirigu wa Broadbalk unayamba mu 1843, wa udzu wa Park Grass mu 1856, koma mpaka lero mukuyezabe dothi lake.

Chandigwira mtima kwambiri ndi munda wa balere wa Hoosfield. Chigawo china chinathiridwa manyowa a m'khola kuyambira 1852 mpaka 1871, kenako anasiya. Patapita zaka zoposa 100, dothi la pamenepo linali lidakali ndi kaboni, amene amatsala m'nthaka kuchokera ku zowolerana, wambiri kuposa la pomwe sipanagwepo manyowa. Amene anasenza manyowawo anapita kalekale, koma thukuta lawo likuonekabe m'nthaka. Ndikafotokoza zimenezi, ngakhale ophunzira aphokoso amakhala chete.

Ndimawapatsa zibuma ziwiri, china cha pansi pa udzu wosalimidwa, china cha m'munda wogaulidwa chaka ndi chaka. Choyambacho n'chakuda, chodzaza timizu, chimanyenyeka tizibulumwa, mwina nyongolotsi n'kutulukamo. Chinacho n'chotuwa, ukachiviika m'madzi chimangosungunuka. Kale ndinkangoti ichi n'chachonde, ichi n'choguga. Tsopano ndimawaonetsa zimene munapeza kumunda wanu wa Highfield, kumene msipu wakale unagaulidwa mu 1949 ndipo kaboni wake anayamba kutsika, makamaka pachigawo china chimene munachigaula mu 1959 n'kuchisiya chambee, chopanda chomera chilichonse. Khasu likatembenuza dothi, mpweya umalowa, tizilombo ta m'nthaka timadya zowolerana mofulumira, kaboni n'kuthawira kumwamba.

Ndikuthokozaninso chifukwa simukometsera. Mu 2015 ku Paris kunayambika ndondomeko ya 4 pa 1000, yoti kaboni wa m'nthaka azionjezekera ndi magawo 4 pa magawo 1000 aliwonse chaka chilichonse kuti kutentha kwa dziko kuchepe. Ambiri tinaombera m'manja. Ofufuza anu anabwerera ku minda yakaleyo, n'kunena mosapsatira kuti kufika pamlingo umenewo paliponse n'kovuta: kaboni amakwera msanga poyamba, kenako amayamba kuzengereza, ndipo manyowa ambiri otere mlimi wamba sangawapeze. Zinandipweteka pang'ono, koma zandithandiza kuti ndisamalonjeze alimi zimene nthaka singachite. Ndimawauza kuti asatenthe mapesi, athire manyowa amene ali nawo, msipu ausiye ukhale msipu, ndipo phindu loyamba aliona pa chinyezi ndi zokolola.

Pomaliza, zikomo posunga dothi louma la zaka zonsezi m'mabotolo ndi m'zitini, komanso poika zotsatira zake pa intaneti kuti ife akutali tiziwerenga. Chonde, ndalama zikamavuta, musadzagaule Park Grass.

Ine wanu woyamikira,
Mphunzitsi wa zaulimi