Chimbale cha Terry Callier chija uchimvere

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti masiku ano mtima suli m'malo, akuti ukudandaula kuti anzako a ku koleji akukwezedwa pantchito pomwe iwe ukungokhalira kuchapa matewera. Pa foni ine mawu amandithawa ukudziwa, nde ndati bola ndilembe.

Ukukumbukira nyimbo ija ndinkayika Lamlungu madzulo ndikusita malaya, iwe nkumati adadi koma nyimbo yanuyi siyitha? Ndi Dancing Girl imeneyo, pafupifupi mphindi 9, yoyamba pa chimbale cha Terry Callier, What Color Is Love, cha 1972. Imayamba ndi kagitala chapansipansi, mawu ake ofatsa ngati akutonthoza khanda, kenako zoyimbira zina zimabwera pang'onopang'ono mpaka nyumba yonse kudzaza, ine mpaka lero tsitsi limandiyima ikafika pakati paja. Anazikonza ndi Charles Stepney, yemwe uja anagwiranso ntchito ndi gulu loyimba la Earth, Wind & Fire.

Callier anakulira ku Chicago, ankadziwana ndi oyimba anzake Curtis Mayfield ndi Jerry Butler kuyambira ali ana. Anzakewo anatchuka dziko lonse koma iye chimbale chake sichinayende malonda, nyimbo zake zinali soul yosakaniza ndi jazz ndi folk nde anthu ankasowa poziyika. Mu 1983 anatenga mwana wake wamkazi kuti azikhala naye, zoyimba anaziyika pambali, anaphunzira za makompyuta nkulowa ntchito ku University of Chicago kuti mwanayo adye komanso apite kusukulu. Patapita zaka ma DJ a ku Britain ndi amene anafukula nyimbo zakezo nkumaziyika m'makalabu, mpaka Callier anatulutsanso chimbale mu 1998. Anamwalira mu 2012.

Sindikuti ukhale phee kudikira kuti wina adzakufukule ayi, mapepala ako alipo ndipo ntchito uzifunsirabe. Chomwe chikundipweteka nchoti ukudziwona ngati watha, chifukwa choti ukulera kamdzukulu kangako. Bambo ujatu ankakhala pa kompyuta mu ofesi koma nyimbo zija zinali zake ndithu, palibe anamulanda.

Mwana akagona usiku uno chimbalecho uchifufuze pa YouTube, uchimvere chonse osadumphadumpha monga umachitira muja, foni uyike pa tebulo osayigwira. Loweruka ndidzakuyimbira undiuze yomwe yakugwira mtima. Apongozi uwapatse moni.

Ndine bambo ako.