Kalata Yopita ku Joni: Za Kusudzulana

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg ndipo maganyu akupezeka. Kuno tilipo, kungoti mvula ikugwa mwanjomba, ndipo za mtengo wa feteleza ndisayambe n'komwe. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi.

Banja la mlongo wanga wamng'ono uja latha. Mukumbukira kuti pa chinkhoswe chake ndine ndinali nkhoswe yaing'ono, a malume ndiye nkhoswe yaikulu. Tinalandira tambala, ife n'kupereka msoti, nthungululu zili pakamwa. Ndiye potha pake sindikanathawa. Milandu yawo tinaikamba kambirimbiri, kuwayanjanitsa, iwo n'kuyambanso, mpaka a malume anati madzi akatayika saoleka, tiitane akuchimuna.

Tinakumana kwathu ku Dedza, pansi pa mtengo wa mango uja wa kuseri kwa nkhokwe. Amayi pamphasa, abambo pamipando yobwereka. Panalibe ng'oma, panalibe thobwa. Aliyense mwa awiriwo anapatsidwa mpata wolankhula popanda womudula pakamwa, ndipo mlongo wanga, amene ndimamuyesa wofatsa, anatulutsa zinthu zimene ngakhale ine nkhoswe ndinali ndisanamvepo. Atatha onse, a malume anauza akuchimuna kuti munthu tinawapatsa dzuwa likuswa mtengo, choncho atibwezerenso masana, anthu akuona.

Mlamu wanga anapisa m'thumba n'kutulutsa K2,000 yopindapinda. Dzanja likunjenjemera, anaiwongola pabondo, n'kuiika m'mbale yachitsulo yogamphuka m'mphepete. Nkhoswe yake inanyamula mbaleyo ndi manja awiri, n'kunjuta pamaso pa a malume. Mlongo wanga ndalamayo sanaigwire, ankangoyang'ana zala zake za kumiyendo. Nkhoswe ija inanena poyera kuti kuyambira tsiku limenelo mayiyo ndi mfulu, womufuna amufunsire, ndipo sipadzakhala mlandu wa chigololo. Basi, kusudzula kunali komweko. Ndalama yosakwana n'komwe kugula nkhuku, koma inamasula munthu.

Chimene chinatidyera nthawi ndi katundu. Mbuzi tinagawa bwinobwino, matumba a chimanga anatsalira ana, njinga inapita ndi mwamuna. Koma sola ya padenga ndi batire lake, abale! Mpaka dzuwa kupendeka anthu akuluakulu tikukangana kuti inagulidwa ndi ndalama ya mbatata kapena ya ku banki m'khonde. Za nyumba panalibe mkangano. Mkamwini amamanga kwa mkazi, ndipo pochoka sazula njerwa. Ngakhale makhoti, pa banja la chikamwini, amalamula mwamuna amene sanamange kuti amumangire mkaziyo nyumba kwawo. Ana atsala ndi mayi wawo monga mwa mwambo wathu, koma tinapitabe kukhoti la majisitireti kuti kutha kwa banjalo ndi chithandizo cha ana zilembedwe. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chinkhoswe kuti ndi ukwati weniweni, ndipo la chisamaliro cha ana la 2010 silimasula bambo kwa ana ake chifukwa choti banja latha. Lonjezo la pansi pa mango limaiwalika msanga mkazi wina akalowa m'nyumba.

Madzulo ake mlamu anamanga bulangete ndi chikwama pakaliyala. Tinamuperekeza mpaka pamlatho. Musaseke, ndinamumvera chisoni. Koma Lamlungu lotsatira ndinaona mlongo wanga akupita kutchalitchi atamanga duku latsopano, akupereka moni mokweza kwa aliyense.

Tsopano ndifike pamene ndikulinga. Alamu, akazi anu, ndinakumana nawo kuchigayo. Sanadandaule, anangondifunsa ngati mumandiimbira. Achimwene, mayi aja sakudziwa ngati ali pabanja kapena ayi. Munda akulima, pamaliro a kwanu akupita kukaphika ngati mtengwa, mayi anu akadwala ndi iwo amakagona kuchipatala. Mwamuna aliyense amawaopa poti ndi mkazi wa mwini, pamene mwini wakeyo anasiya kalekale kutumiza ngakhale ya sopo. Atati lero apezeke ndi pathupi, mudzi wonse udzawaloza chala, ndipo inu mudzakhala woyamba kufuna chipepeso.

Zoti muli ndi wina kumeneko ndinazimva, ndipo sindikukuzengani mlandu. Moyo wa kuchilendo ndi wovuta, munthu umafuna wokufunsa kuti waswera bwanji. Chimene sindigwirizana nacho ndi uthenga uja munawatumizira pa WhatsApp woti aone chochita. Aone chochita chanji? Powatenga simunatumize uthenga. Munatuma a malume anu, anthu anavala bwino, nkhuku zinafa. Uthenga wa pafoni alamu angakauonetse kwa yani? Kwa amfumu? Kwa akulu a mpingo?

Afunseni anzanu a ku Zimbabwe amene mumagwira nawo ntchito za gupuro. Kwa Ashona mwamuna amapereka kandalama kochepa kosonyeza kuti wamusiya mkazi, ndipo popanda iko akwawo kwa mkaziyo amati banja likadalipo. Ngakhale ku Japan, kumene anthu akagwirizana amatha kuthetsa ukwati pongosayina pepala ku ofesi ya boma, ena anaona kuti pepalalo silikwanira. Mu 2009 munthu wina dzina lake Hiroki Terai anayambitsa ku Tokyo mwambo wolipiritsa: awiriwo amaitana abale ndi anzawo, n'kugwirira limodzi hamala, n'kuphwanya mphete ya ukwati onse akuona. Ine za hamalazo zimandiseketsa, mphete yoti ukanagulitsa. Koma taonani, iwo akulipira kuti apeze mboni, pamene inu ankhoswe muli nawo aulere, angokhala pakhonde kudikira mawu anu.

Ngati banjalo mukulifunabe, nenani, ndipo zionekere m'zochita. Ngati simukulifuna, amasuleni alamu akadali ndi mphamvu zoyambiranso. Ndikudziwa kuti pasipoti yanu ili ndi vuto ndipo kubwera n'kovuta. Imbirani a malume anu, muwauze mawu anu momveka, mutumize ya m'mbale ndi ya ana, iwo akaimirire m'malo mwanu. Kalata ya dzanja lanu ikhaleponso, chifukwa kukhoti adzafuna kumva mbali yanu. Nyumba ija munasiya palinta muimalize ndithu, malata okha ndiwo atsala, ndipo mmisiri ndingakupezereni wosadula.

A malume anu ndikawaona pamsika Loweruka. Sindiwauza kanthu mpaka mutandiyankha, koma musandichedwetse, chifukwa akandifunsa sindidziwa kunama. Apatseni moni anyamata onse a kwathu kumeneko.

Ndine mnzanu wa kuubusa.